Tisankhe motani mafilimu a nkhani zenizeni oonera pamodzi kuno ku Joni?

Nabanda, Rosettenville:

Moni kwa nonse, akuluakulu ndi anzanga. Gulu lathu la Amalawi okhala ku Rosettenville ndi ku Turffontein lapatsidwa mwayi wogwiritsa ntchito holo ya mpingo wina Loweruka limodzi pamwezi, kuyambira 3 koloko masana mpaka 6 koloko madzulo. Komiti inagwirizana kuti m'malo mongokumana pa nkhani za zopereka za maliro ndi za mapepala, tiziyamba taonera filimu ya nkhani yeniyeni, yosakhala sewero, kenako tizikambirana zimene taonazo. Ntchito yosankha mafilimuwo yagwera ine, ndipo ndaona kuti kubwereka pulojekita kunali kophweka poyerekeza ndi kusankha choti tionetsepo.

Mitu imene komiti inandipatsa ndi inayi, zipangizo zamakono, tsogolo, maphunziro ndi nthawi. Inasankha mituyi chifukwa makolo akudandaula kuti ana awo sadzutsa mutu akagwira foni, pamene achinyamatawo akufunsa ngati ntchito zimene akuphunzirira lero zidzakhalapobe makompyuta akadzayamba kulemba, kuwerengera ndalama ndi kuyendetsa galimoto paokha. Vuto langa lagona pa anthu amene adzakhale m'holomo. Mudzakhala ana a sekondale obadwira kuno, amene Chingerezi ndi Chizulu zimawatuluka msanga kuposa Chichewa. Mudzakhala amayi ogwira ntchito m'nyumba za anthu ku Fourways ndi ku Sandton, amene nthawi yawo yopuma ndi yochepa ndipo sangaitaye pa chinthu chosawakhudza. Mudzakhalanso abambo a m'magalaja ndi aulonda, pamodzi ndi agogo angapo amene anabwera kuno kalekale, amene Chingerezi cha ku America cholankhulidwa mothamanga chimangowadutsa.

Ndikafufuza pa intaneti ndimapeza mindandanda yaitali ya mafilimu amene akuti ndi opambana, koma pafupifupi onse ndi a anthu a ku California akufotokoza nkhawa za anthu a ku California. Ndinaganiza zoyamba ndi The Social Dilemma, yonena za kuipa kwa masamba a mchezo a pa foni, chifukwa ambiri anaimvapo ndipo wapampando wathu amaikonda, koma mtima wanga sunakhazikike nayo. Ndikupempha inu amene mumatsata mafilimu otere kuti mundiuze mafilimu 6 oti atikwanire miyezi 6, mundiuzenso yoyenera kuyamba ndi yoyenera kutsiriza, komanso ngati lamulo limatilola kuonetsa pagulu pamene sitikulipiritsa pakhomo.

Jere, Turffontein:

Mayi Nabanda, zikomo posenza ntchito imene ambiri tikanaizemba. Ine ndinali mphunzitsi wa mbiri yakale kusekondale kumudzi ndisanabwere kuno, choncho mundikhululukire ngati ndikukokera nkhaniyi ku mutu wa nthawi, chifukwa ndikuona kuti mutu umenewo ndiwo ungamange itatu inayo pamodzi.

Musayambe ndi filimu yochenjeza za zimene zikubwera, chifukwa mafilimu otere amakalamba msanga kuposa ena onse. The Social Dilemma inatuluka mu 2020, ChatGPT, pulogalamu yoyankha mafunso ndi kulemba ngati munthu, isanabwere kumapeto kwa 2022, ndipo mwana wa zaka 16 akaionera lero aona akuluakulu akuchita mantha ndi zinthu zimene iye anazizolowera kale, pamene chimene chikumusowetsa tulo iyeyo sichikutchulidwa n'komwe. Filimuyo inalowetsamonso zigawo za sewero, za banja lopeka limene mnyamata wake wakodwa ndi foni, ndipo anthu akangozindikira kuti awa ndi ochita sewero amayamba kukayikira ngati zotsalazo zili zoona. Koma chimene chimandivuta kwambiri n'chakuti mayi amene foni yake ndiyo njira yokhayo yomvera mawu a ana ake ku Mzimba kapena ku Mangochi, ndiponso yotumizira ndalama za feteleza, sangakhale ola ndi theka akuuzidwa kuti foniyo ndi mdani wake. Adzamvetsera mwaulemu monga mwa chikhalidwe chathu, koma mwezi wotsatira simudzamuona.

Ine ndikanayamba ndi filimu imene nthawi imaoneka pankhope za anthu. Mu 1964 wailesi ya kanema ya Granada ku Britain inajambula ana 14 a zaka 7, ena a m'mabanja olemera, ena osauka, n'kuwafunsa za sukulu, za ndalama ndi za chimene akufuna kudzakhala. Michael Apted anapitiriza kuwayendera anthu omwewo zaka 7 zilizonse mpaka kufika pa 63 Up ya mu 2019. Njira yomweyo inatsatidwa m'dziko lino. Angus Gibson anajambula ana a zaka 7 a mitundu yosiyanasiyana ya mu South Africa, filimu yake n'kutuluka mu 1992, kutatsala zaka ziwiri kuti chisankho cha 1994 chichitike, ndipo anawabwereranso ali ndi zaka 14, 21 ndi 28. Gawo la 28 Up la ku South Africa ndilo ndikanaonetsa, chifukwa limabwereza zithunzi zakale. Mumaona kamwana kakunena molimba mtima chimene kadzakhale kakadzakula, ndipo musanamalize kuseka, nkhope yomweyo yabweranso ili ya munthu wamkulu, akufotokoza pang'onopang'ono mmene zinthu zinayendera. Mmodzi wa anawo, Willem Alberts, anadzasewera rugby mu timu ya Springboks, pamene ena sanafike n'komwe pa zaka 28. Mufilimumo mulibe katswiri wophunzitsa anthu chochita, komabe ikatha simudzavutika kukoka anthu kuti alankhule, chifukwa kholo lililonse m'holomo lidzakhala likudzifunsa ngati sukulu imene mwana wake akupitako ndi dera limene akukuliramo zalemba kale tsogolo lake. Umenewo ndiwo mutu wa maphunziro ndi wa tsogolo, ngakhale kuti simunatchule kompyuta.

Pa za zipangizo, ndikukupemphani kuti musanyoze filimu chifukwa choti ndi yakale. Mu 1978 BBC inaulutsa zigawo 10 za Connections, wofotokoza wake James Burke. Gawo loyamba limayamba ndi kuzima kwa magetsi kwa pa 9 Novembala 1965, pamene anthu pafupifupi 30 miliyoni a kumpoto chakum'mawa kwa America ndi mbali ina ya Canada anakhala mumdima chifukwa cha kachipangizo kamodzi kamene kanadula mphamvu pamalo amodzi, zotsalazo n'kumagwa motsatana. Burke amafunsa woonera kuti magetsiwo akanapanda kubweranso akanathawira kuti, ndipo akafika kumundako akanadziwa kulima kapena ayi, kenako amabwerera m'mbuyo mpaka ku pulawo ya ku Egypt wakale. Zovala zake ndi za m'ma 1970, ndipo ana adzaseka kolala ya shati lake, koma funsolo silinakalambe. Anthu amene anapirira load-shedding ya mu 2023 kuno, amenenso akukumbukira mmene dziko lathu linavutikira namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, safunika kuwamasulira kuti moyo wonse wa mumzinda wapachikika pa waya. Gawoli silikwana ola limodzi, choncho nthawi yokambirana idzakhala yambiri, ndipo pa tsiku limenelo agogo aja ndiwo adzakhale akatswiri, popeza ndi okhawo m'holomo amene angayankhe Burke kuti inde, kulima timadziwa.

Chisale, Braamfontein:

Bambo Jere, ndagwirizana nanu pa 28 Up, koma ndikupempha kusiyana nanu pang'ono pa mfundo yakuti mafilimu onena za zipangizo zatsopano onse amakalamba msanga. Amene amakalamba ndi aja odzaza ndi akatswiri atakhala pampando akulosera. Filimu imene inajambula chinthu chikuchitika, makamera ali pomwepo ndipo wina aliyense asakudziwa mathero ake, sikalamba. Ine ndimagwira ntchito yokonza makompyuta ndi manetiweki m'maofesi, ndipo achinyamata akandifunsa za AI, luso la makompyuta lotsanzira nzeru za munthu, ndimawatumiza ku filimu imodzi yokha, AlphaGo ya mu 2017, imene anakonza Greg Kohs.

Go ndi masewera a anthu awiri oika timiyala mosinthana pabolodi la mizere 19 uku ndi 19 uku, amene anthu a ku China, Korea ndi Japan amawalemekeza monga akulu athu amalemekezera bawo. Mu Malichi 2016 ku Seoul, pulogalamu ya AlphaGo ya kampani ya DeepMind inakumana ndi Lee Sedol, mmodzi wa akatswiri oposa onse padziko lapansi, ndipo inapambana masewera anayi mwa asanu. Chimene chimagwira mtima si zigoli ayi. M'masewera achiwiri, Lee atatuluka panja kukasuta, makinawo anaika mwala wa nambala 37 pamalo amene ofotokozera masewerawo anayamba kuganiza kuti ndi kulakwitsa, ndipo kamera imakhala pankhope yake pamene wabwerera, wakhala pansi, n'kuuyang'ana mwalawo nthawi yaitali. Pulogalamuyo inali itawerengera yokha kuti mwayi woti munthu angasewere motero ndi umodzi pa 10,000. Kenako m'masewera achinayi Lee anaika mwala wake wa nambala 78, makinawo anasokonezeka n'kuyamba kusewera zopanda mutu, ndipo munthu anapambana. Mulinso Fan Hui, katswiri wa ku Ulaya amene anagonja masewera onse asanu mu Okutobala 2015, koma m'malo mokwiya anapita kukagwira ntchito ndi omwe anapanga makinawo, ndipo amafotokoza mmene kugonjako kunasinthira kaonedwe kake ka masewerawo. Mayi Nabanda, ngati mukufuna filimu yofunsa chimene kuphunzira kumatanthauza pamene makina akuposa mphunzitsi, ndi imeneyi. Pokambirana mudzawauzenso anthu chimene filimuyo sinathe kuonetsa, chakuti Lee Sedol anasiya kusewera mipikisano mu 2019, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene anapereka chinali chakuti tsopano kuli mdani amene munthu sangamugonjetse. Eni ake anaiika yonse pa YouTube kwaulere.

Yachiwiri ndi Coded Bias ya mu 2020, ya Shalini Kantayya. Imatsatira Joy Buolamwini, wofufuza wa ku yunivesite ya MIT ku America amene makolo ake ndi a ku Ghana, amene anapeza kuti pulogalamu yozindikira nkhope sinkamuona mpaka atavala chigoba choyera kumaso. Kafukufuku amene anachita ndi Timnit Gebru mu 2018 anagwiritsa ntchito nkhope 1,270 za aphungu a nyumba za malamulo za maiko 6, ndipo limodzi mwa maikowo ndi South Africa, pamodzi ndi Rwanda, Senegal, Iceland, Finland ndi Sweden. Pa ntchito yongosiyanitsa mwamuna ndi mkazi, mapulogalamu a makampani akuluakulu ankalakwitsa mpaka 34.7 peresenti pa akazi akuda, pamene pa amuna oyera kulakwitsako sikunapitirire 0.8 peresenti. Mufilimumo muli chigawo cha ku London pamene apolisi aimitsa mwana wasukulu wakuda wa zaka 14 chifukwa kamera yamufanizira ndi munthu wina. Kwa ife amene timayenda pansi pa makamera a m'misewu ya mumzinda uno tsiku ndi tsiku, amenenso timadziwa tanthauzo la kuimitsidwa n'kufunsidwa mapepala, nkhaniyi si ya ku California.

Tsopano za lamulo. Kusalipiritsa pakhomo sikupereka chilolezo pakokha, chifukwa kuonetsa pagulu n'kosiyana ndi kuonera pabalaza panu, ndipo mwini filimu ndiye amaloleza. Netflix imalola kuti ena mwa mafilimu ake a nkhani zenizeni aonetsedwe kamodzi pa zolinga za maphunziro, koma muyenera kuonetsa kudzera pa akaunti yanu, osalipiritsa, osatolerapo ndalama, ndiponso si mafilimu onse ali ndi chilolezo chimenechi, choncho onani patsamba la filimu iliyonse. Zikutanthauza kuti mbale ya zopereka za maliro isayende pa nthawi ya filimu, muisungire msonkhano wina. Kwa mafilimu ena, lemberani kalata amene anaikonza kapena amene amaigawa, mufotokoze kuti ndinu gulu laling'ono losachita malonda. Ngati chilolezo chachedwa, sungani The Internet's Own Boy ya mu 2014, yonena za Aaron Swartz ndi nkhondo yake yoti zolemba za maphunziro zisatsekeredwe anthu opanda ndalama, imene inatulutsidwa ndi chilolezo cha Creative Commons, chololeza anthu kuigawana popanda kuchita nayo malonda. Dziwani chabe kuti mnyamatayo anadzipha mu 2013, choncho makolo auzidwiretu. Muzionanso msinkhu umene bungwe la Film and Publication Board linaika pa filimu iliyonse, popeza m'holomo mudzakhala ana.

Chomaliza, ikani mtima pa mawu kuposa pa chithunzi. Anthu amapirira chithunzi chofooka, koma holo ya makoma osapachikidwa kanthu imabweza mawu, ndipo sipika ya laputopu singafike pamzere wachitatu. Pa 3 koloko dzuwa limakhala likadali lamphamvu, choncho mawindo a mbali ya kumadzulo adzafuna mabulangete.

Nangondo, Yeoville:

Ndawerenga mayankho a abambo awiriwa mosangalala, koma ndaona kuti pa mafilimu anayi amene atchulidwa mwamphamvu palibe ndi imodzi yomwe imene Mmalawi akulankhulamo. Ine ndikuchita maphunziro a zauphunzitsi, ndipo chimene ndaona m'makalasi n'chakuti mwana amene sanaonepo munthu wa kwawo pa sikirini amayamba kukhulupirira kuti tsogolo limapangidwa kwina, ife timangolilandira. Mayi Nabanda, pa miyezi 6 yanuyo iwiri ikhale yathu.

Ambiri anaonera filimu ya sewero ya mu 2019 yonena za William Kamkwamba, imene anakonza Chiwetel Ejiofor, ndipo imathera pamene makina a mphepo ayamba kuzungulira. Imene ndikukuuzani ndi ina, William and the Windmill ya Ben Nabors, imene inapambana mphoto yaikulu ya mafilimu a nkhani zenizeni pa chikondwerero cha SXSW ku America mu 2013. Iyo imayambira pamene inayo yathera. Nkhani ya ku Wimbe ku Kasungu tonse tikuidziwa, ya njala ya 2001 ndi 2002, ya kusiya sukulu chifukwa cha fizi, ya buku la mulaibulale, ya njinga yakale ndi mapaipi ndi milongoti ya bulugamu. Koma chimachitika n'chiyani kwa mnyamata wa kumudzi amene walankhula pa msonkhano waukulu wa maganizo atsopano wa TED ku Arusha mu 2007, dziko lonse n'kumuombera m'manja? Filimuyi imamutsatira zaka zingapo pamene akulimbana ndi maphunziro amene anawadumpha, pamene omuthandiza a ku America akumukonzera njira ndi mtima wabwino koma nthawi zina mopanikiza, ndiponso pamene kumudzi aliyense akuyembekeza kanthu kwa iye. Ndipo mbali ina ya ulendo wake inadutsa mumzinda uno, chifukwa anaphunzira pa African Leadership Academy ku Honeydew asanapite ku koleji ya Dartmouth ku America kumene anamaliza mu 2014. Aliyense amene foni yake imalira kumapeto kwa mwezi kuchokera kumudzi adzamvetsa kutopa kumene kumaoneka pankhope yake m'zigawo zina, ndipo ana athu adzaona kuti luso lokha silimaliza nkhani.

Yachiwiri ndi Buddha in Africa ya mu 2019, imene anakonza Nicole Schafer wa kuno ku South Africa, ndipo inapambana mphoto pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Durban chaka chomwecho. Imatsatira mnyamata amene anakulira pamalo osungira ana amasiye a chipembedzo cha Chibuda pafupi ndi Blantyre, kumene ana amadzuka m'bandakucha kukapemphera, amaphunzira Chitchaina ndi kung fu, ndipo amadya ndi timitengo. Akamayandikira kumaliza sukulu ayenera kusankha pakati pa kupita ku Taiwan kukapitiriza maphunziro ndi kubwerera kwa abale ake achiyao kumudzi, kumene akafika amakhala ngati mlendo. Filimuyi si ya makompyuta, koma palibe ina imene ingafunse bwino funso limene makolo a kuno amaliopa, lakuti maphunziro amene amatsegulira mwana khomo amamulanda chiyani. Muiike pakati pa ndondomeko yanu, anthu atazolowerana kale, chifukwa kukambirana kwake kudzafika pa ana obadwira kuno amene satha kucheza ndi agogo awo pa foni, ndipo nkhani imeneyo imafuna anthu okhulupirirana.

Pa za chilankhulo, wina adzakuuzani kuti mupeze mnyamata wolankhula pamwamba pa filimu m'Chichewa, monga amachitira m'mavidiyo a m'misika ya kumudzi. Luso limenelo ndimalilemekeza, koma limayenera mafilimu a nkhonya, kumene womasulira amawonjezera nthabwala zake ndipo palibe chimene chatayika. Pa AlphaGo, mphindi zimene Lee Sedol wangokhala chete ndizo filimuyo, ndipo munthu wolankhula pamenepo aiwononga. Ndi bwino wina aime kutsogolo mphindi zisanu filimu isanayambe, afotokoze m'Chichewa anthu amene aonekemo ndi chimene chikuwavuta, kenako muiimitse kawiri kokha pamalo osankhidwiratu kuti otsalira afike pamodzi ndi anzawo. Mawu olembedwa m'munsi muziwayatsa nthawi zonse, ngakhale a Chingerezi, chifukwa ambiri amawerenga bwino kuposa mmene amamvera.

Ngati mukufuna yotsiriza nayo yopatsa chimwemwe, ganizirani The Farthest ya mu 2017, ya Emer Reynolds, yonena za zombo ziwiri za Voyager zimene zinanyamuka mu 1977. Chilichonse chinanyamula chimbale chokutidwa ndi golide chokhala ndi moni m'zilankhulo 55, ndipo chimodzi mwa zilankhulozo ndi Chinyanja, m'kalankhulidwe ka ku Zambia, wolankhulayo akufunsa anthu a ku maiko ena a kumwamba kuti ali bwanji. Moniwo ulipo patsamba la NASA ndipo mukhoza kuuseweretsa filimu isanayambe. Filimuyo ndi ya pafupifupi maola awiri, choncho tsiku limenelo muyambe pa nthawi yake.

Phiri, Roodepoort:

Ine ndiwonjezere imodzi yokha, imene ndikudziwa kuti ena adzati ndi yozizira. Into Eternity ya mu 2010, ya Michael Madsen wa ku Denmark, imanena za Onkalo ku Finland, kumene akukumba mapanga m'thanthwe mamita oposa 400 pansi pa nthaka kuti akwiriremo zinyalala za nyukiliya, zimene ziyenera kukhala zosakhudzidwa zaka 100,000. Mapiramidi a ku Egypt ali ndi zaka pafupifupi 4,500 zokha. Funso la filimuyo si la uinjiniya kwenikweni, koma lakuti munthu wa m'tsogolo lakutali chotero, amene sadzadziwa chilankhulo chathu chilichonse, tingamuchenjeze motani kuti asakumbe pamenepo, ndipo kodi chizindikiro cha chenjezo sichidzangomupatsa chidwi chofuna kuona chimene tinabisa. Madsen amaima mumdima wa m'phangamo, amayatsa machesi, n'kulankhula ndi munthu wa m'tsogoloyo mpaka moto utazima. Amene anafikako ku Chongoni ku Dedza, kumene kuli malo 127 a zojambula za pamiyala amene UNESCO inawalemba mu 2006, akudziwa kuti zojambula zofiira zimene timati ndi za Akafula timaziona ndi maso koma sitingalumbire kuti tikumva zonse zimene eni ake ankanena.

Chifukwa chimene ndikuitchulira n'chakuti ife tikukhala pakati pa Onkalo wathu wosakwiriridwa. Golide anapezeka kuno mu 1886, ndipo milu yachikasu ya dothi la m'migodi imene timaidutsa pa takisi kumwera ndi kumadzulo kwa mzinda uno ili ndi zotsalira za uranium, pamene madzi a asidi akutuluka m'migodi yosiyidwa. Agogo athu amene anabwera ndi Wenela, mpaka ngozi ya ndege ya ku Francistown ya mu 1974 imene inapha Amalawi oposa 70 itachititsa Kamuzu kuletsa ulendowo, ndi ena mwa amene anatulutsa dothi limenelo pansi. Zaka sizinakwane 150, koma makampani ambiri amene anakumba kulibenso. Bambo Jere, apa ndiye mutu wanu wa nthawi wakumana ndi wa zipangizo. Ndikanakonda ionetsedwe mu Ogasiti, mphepo ikamaulutsa fumbi la pamiluyo kulowa m'nyumba za ku Riverlea ndi ku Soweto, koma isakhale yoyamba kapena yotsiriza, chifukwa imayenda pang'onopang'ono ndipo ana ang'onoang'ono sadzaipirira.

Mayi Nabanda, muyang'anenso ndondomeko ya chikondwerero cha Encounters, chimene chakhala chikuonetsa mafilimu a nkhani zenizeni kuyambira 1999 ku Cape Town ndi kuno ku Johannesburg, kawirikawiri mu Juni. Kutenga achinyamata asanu kupita nawo ku nyumba ya kanema ya The Bioscope ku 44 Stanley tsiku limene wokonza filimu alipo kudzayankha mafunso kungawapatse chimene holo yathu singathe.

Nabanda, Rosettenville:

Zikomo kwambiri nonse. Ndalemba kalata yopempha chilolezo cha 28 Up, ndipo ikayankhidwa pa nthawi yake tidzayamba nayo, koma ikachedwa tidzayamba ndi AlphaGo, imenenso ndafunsa eni ake ngati tingaionetse pagulu. Wapampando sanagonje pa The Social Dilemma, ndipo mfundo yawo ndi yakuti makolo ndiwo anapempha mutu wa mafoni, choncho tagwirizana kuti idzabwera mwezi wachisanu, anthu ataona kale Coded Bias, kuti adzathe kuyerekeza okha. Zikutanthauza kuti pa mafilimu amene mwatchula ena adikira chaka chamawa, ndipo ndikuvutika kusankha pakati pa Connections ndi Into Eternity, popeza awiri a mayi Nangondo sindikufuna kuwachotsa.

Bambo Chisale, kodi mungapezeke Loweruka likudzali masana kuti tidzayese masipika m'holomo muli anthu ochepa? Mabulangete amayi a m'komiti alonjeza kubweretsa. Chimene chikusowabe ndi munthu woti adzafotokoze malamulo a Go m'Chichewa m'mphindi zisanu, ndipo ngati alipo pakati panu amene anaseweretsapo, chonde andilembere Lachitatu lisanafike kuti dzina lake lilowe pa chikalata choitanira anthu.